Tsiku Limene Ambulera ya Abambo Inamangidwa

Ana inu, Takondwa ndi Yankho, dzulo mwandiseka mpaka Yankho kutsamwa ndi madzi. Mlandu wanga unali wotuluka ndi ambulera m'dziko limene mvula imabwera ngati mlendo wosokera. "Agogo, kuno ndi ku Dubai, khalas, basi, isiyeni!" Mukundidziwa, pakamwa panga ndi polemera kuyambira kalekale. N'chifukwa chake ndapempha kope ili kwa mayi anu, kuti ndikuyankheni polemba, pamene inu muli kusukulu ku Oud Metha ndipo m'nyumba muno muli zii, kungomveka kulira kwa makina oziziritsa aja.

Koma si kuseka kokha kumene kwandilembetsa. Takondwa, ndakuona. Chiyambire Lachisanu lija bambo ako ananena kuti nyumba yaitali imene amamanga yaimitsidwa, ndi kuti za ntchito yawo adzamva mwezi ukatha, iwe sukudya bwino. Ukabwera kusukulu umandiuza kuti pampando wa uje lero panalibe munthu, akuti anyamuka, akuti galimoto aisiya pabwalo la ndege makiyi ali momwemo. Akuti, akuti. Mawu amenewa ndimawadziwa bwino. Anatsala pang'ono kundilanda abambo anga.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, kwathu kumapiri a ku Ntcheu, kumene msewu ndiwo malire. Ukangooloka, uli kwa Apwitikizi. Abambo anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni ya m'mudzi, anthu ankawatchula kuti aphunzitsi a Simeoni. Chuma chawo chinali jekete limodzi, wotchi imene inaleka kuyenda ine ndisanabadwe, ndi ambulera yakuda yogula kwa mmwenye ku Limbe. M'dera lonselo panalibe ina. Lamulungu ankaitenga ngakhale kumwamba kuli mbee, ndipo ana ankabwera kudzapempha kuti aione ikutambasuka.

Ine ndinali mwana wamanyazi oopsa. Mlendo akandilonjera ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakuphazi. Tsiku lina abambo anandipatsa kope latsopano, chinthu chosowa nthawi imeneyo, popeza ife tinkalemba pasileti n'kufufuta ndi malovu. Inde, Yankho, malovu. Usakwinye nkhope, iwe umanyambita chala potsegula thumba la pulasitiki, ndakuona. Abambo anati, "Eneresi, poti pakamwa pako ndi potseka, uzilankhula ndi kopeli. Koma usadzalinamize." Inki tinkachita kusungunula ya ufa m'madzi, cholembera chinali cha nibu yothimbirira zala. Ndinkalemba chilichonse: tsiku, mmene kwachera, kuti tadya mbatata ndi thobwa, kuti nkhuku yathu yaswa. Chimene ndalephera kuchifotokoza ndinkachijambula.

Inali nthawi ya nkhondo yaikulu yachiwiri ija. Amalume ndi anyamata ambiri anali atapita ndi malole, ena kumpoto, ena kutsidya la nyanja ya mchere. Ife nkhondo tinkaidziwira pa zinthu ziwiri: mchere ndi nsalu zinasowa, ndipo ndege zinayamba kudutsa. Inu ndege mwazizolowera ngati ntchentche, simutukula ngakhale mutu. Ife ikamveka, sukulu yonse inkathamangira panja, aphunzitsi omwe. Ine ndinkadikira anzanga amalize kukuwa, kenaka n'kulemba: yachokera uku, yalowera uku, dzuwa linali apa.

Ndiye Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi tinapeza mesenjala wa ku boma ali ndi pepala. Pepalalo linali la Chingerezi, ndipo ankamasulira akuwerenga. Anafika pa liwu lina n'kuima. Linali dzina la chinsalu chija mumachiona pakanema, chimene munthu amadumpha nacho m'ndege. M'Chinyanja munalibe liwu lake. Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera m'manja mwa abambo.

"Akuti adani akhoza kugwa kumwamba ndi… ndi maambulera. Eya. Mukaona munthu wa ambulera kudambo kapena kuthengo, thamangani mukanene."

Anthu anaseka. A Zakeyu, mkulu wa mpingo, anati, "Aphunzitsi, ndiye mutiuze msanga, mwagwa liti?" Abambonso anaseka nawo.

Mwezi wa Okutobala mng'ono wanga Marita, agogo anu aja amakutumizirani chiponde, anadwala. Anali wa miyezi isanu ndi umodzi. Liwombo linalowa, kuyamwa anasiya, kulira kwake kunali ngati kwa kamwana ka mphaka. Mankhwala a kumishoni tinamwetsa, osasintha. Amayi nawo anali chigonere ndi malungo. Kutsidya la malire kunali mayi wina wodziwa mankhwala a liwombo, koma lamulo la mpingo linali lolimba: wopita kwa sing'anga adulidwe. Ndipo mphunzitsi akadulidwa, ntchito yathera pomwepo, nyumba ya sukulu atulukemo.

Lachiwiri masana, ana ataweruka, abambo anandiitana. "Bereka mwanayu. Usafunse." Sitinadzere kumsewu, tinadzera kudambo, m'bango lalitali kuposa munthu. Dzuwa linali kuswa mtengo. Abambo anatambasula ambulera, n'kuikweza pamwamba pa ine ndi Marita, iwo ali padzuwa. Tili pakati pa dambo, ndege inadutsa m'munsi kwambiri, mpaka bango kuwerama. Marita sanadzidzimuke n'komwe, ndipo ndi chimene chinandiopsa kuposa ndegeyo.

Kuchitsime, patali, kunali amayi otunga madzi. Iwo anaona ndege, kenaka anaona chinthu chakuda chikuyenda pamwamba pa bango. Anthu osawaona, ambulera yokha. Pofika madzulo maambulera anali atatu. Mawa lake anali khumi, ndipo wina anali atamva akulankhula Chijeremani.

Patapita masiku anayi kunabwera lole. Munali asilikali, sajeni wina wamfupi wa ku Mulanje dzina lake Matola, ndi mzungu woonda, wotuwa ndi fumbi. Dzina lake linatikanika, tinangomutcha Bwana Mafunso. Sanachite kufufuza nthawi yaitali. Ambulera m'dera lonse inali imodzi, ndipo kunsonga kwake kunali matope akuda a kudambo, abambo anaiwala kupukuta.

"Lachiwiri masana munali kuti, aphunzitsi?" anafunsa sajeni.

Abambo anati chete.

"Achimwene, ine ndine wanu. Nenani, ngakhale kuti munali kwa mkazi wa mwini. Zimenezo n'zazing'ono. Izi n'za chingwe cha pakhosi."

Abambo anati chete. Asilikali anawatsekera m'chipinda chosungiramo masileti, mmodzi ali pakhomo. Ambulera anaimanga ndi luzi, n'kuipachika kapepala ka nambala ngati wakuba. Sajeni anauza amayi kuti mawa m'mawa lole idzapita nawo ku Zomba, ndipo kuti munthu woperekeza adani pankhondo kawirikawiri sabwerako. Amayi anangokhala pansi pomwepo, Marita ali pabere. Mwanayo anali atayamba kuyamwa.

Masana omwewo Bwana Mafunso anaitanitsa anthu onse pabwalo la sukulu. Anatulutsa tebulo la abambo, n'kuyalapo mapu aakulu, m'ngodya atatsindira ndi miyala. Ana inu, ndakhala ndikumuganizira munthu uja moyo wanga wonse. Sanali wokoma mtima, sanali wankhanza. Ntchito yake inali imodzi: kukauza akuluakulu a nkhondo ngati mdani angathe kutigwetsera asilikali kuchokera kumwamba, kapena ayi. Akanena kuti angathe, atumiza kuno asilikali amene akufunika kwina. Akanena kuti sangathe koma atalakwa, tapita ife. Ndiye sankafuna kumva mantha athu. Ankafuna chinthu choti achigwire.

Anatulutsa kachingwe koyera m'thumba, n'kubaya msomali pamapu, kutali, kumene kunali bwalo la ndege za adani. Sajeni ankamasulira, n'kumathiramo ndi zake.

"Bwana akuti ndege si mfiti. Imamwa mafuta. Akatha, imagwa ngati papaya. Chingwe ichi ndiwo ulendo umene ndege yonyamula asilikali ingayende n'kubwerera kwawo. Penyani."

Mzunguyo anakoka chingwecho kulozetsa kwathu. Chinathera panjira, patatsala danga lokwana chikhatho chonse. Anthu anapuma. Koma iye anazula msomali uja, n'kuubaya pafupi, kutsidya la malire, n'kuzunguliza chingwecho. Chinatiphimba tonse, ndi Zomba yemwe.

"Mwaona? Kuchokera kwawo sangafike. Koma ngati apeza pobisala kwa Apwitikizi kuno, afika asanamalize fodya. Ndiye bwana akufuna adziwe chinthu chimodzi. Ndege ya Lachiwiri inali ya yani? Ndani anaiona? Ndikuti kuona, osati kumva."

Anayamba kuitana mmodzimmodzi. Aliyense ankafunsidwa zofanana: waona chiyani ndi maso ako, unaima pati, dzuwa linali pati. A Zakeyu anati adani anali khumi ndi awiri.

"Munawawerenga nokha, akulu?" anafunsa sajeni.

"Anandiuza alamu anga."

"Alamu anu ali kuti?"

"Iwonso anamva kuchigayo." Chigayo chake chinali cha manja, cha kumishoni, kumene nkhani zinkaperedwa bwino kuposa chimanga.

"Ha! Ndiye tiitane chigayo chidzalumbire?"

Amayi a kuchitsime anavomera kuti ambulera anaona imodzi. Za ndege, wina anati inali yakuda, wina yofiira, wina anati anabisa nkhope m'chitenje. Bwana Mafunso ankangolemba, nkhope ikugwa. Kenaka anatulutsa abambo, n'kuwaimika pafupi ndi tebulo. Sajeni anati, "Bwana akuti popeza palibe wodziwa, aganiza zoipa. Ndege yosadziwika, munthu wolowera kumalire tsiku lomwelo, ndipo munthuyo akukana kulankhula. Mawa ku Zomba."

Kope langa linali m'kati mwa diresi, pamimba, kumene ndinkalisunga. Ndinkalimva likunyowa ndi thukuta. Ndinkadziwa zimene zinali patsamba la Lachiwiri. Zonse zinali pamodzi, ndege pamwamba, ulendo wathu pansi pake, moti sukanaonetsa china n'kubisa china. Ndikakhala chete, abambo apita. Ndikalankhula, ntchito yawo yatha, ndipo wowathetsa ndine. Mpaka lero sindikumbukira kuti ndinaimirira. Ndinangoona kuti anthu onse ali pansi, ine ndili chilili.

Abambo anandiyang'ana. "Eneresi, khala pansi."

Kanali koyamba kuti ndisawamvere.

"Kamtsikana, ukufuna kukataya madzi?" anatero sajeni. Anthu anaseka. Ine ndinapita patebulo, n'kuikapo kope. Sajeni anawerama, n'kutsitsa mawu ake. "Usaope, mwanangu. Usayang'ane anthuwa. Werengera ine ndekha, ngati ndine mbuzi."

Bwana Mafunso sanayambe ndi Lachiwiri. Anatsegula kumayambiriro, n'kutulutsa kabuku kake kamene munali masiku a ndege za boma. Ine ndikawerenga, iye ankayang'ana mwake. Lolemba lakuti, yachokera kumwera, dzuwa lili pamutu. Anagwedeza mutu. Lachinayi lakuti, ziwiri, zalowera kumpoto. Anagwedezanso. Tinayenda choncho m'masamba a miyezi itatu. Ndinazindikira pambuyo pake kuti sankayesa ndege, ankayesa ine, kuti aone ngati kopeli limanena zoona. Pena anafunsa kuti bwanji sabata yakuti mulibe kanthu. Ndinati ndinadwala maso. Anati chabwino.

Tsono tinafika pa Lachiwiri. Ndinawerenga pang'onopang'ono, monga ndinalembera:

"Marita sakuyamwa. Tadzera kudambo ndi abambo, ine ndabereka. Ndege yadutsa m'munsi, yachokera kumwera, osati kwa Apwitikizi. Injini ziwiri. Kunsi kwa mapiko kuli maso ngati a nkhunda. Taoloka msewu. Mayi wa mankhwala wamata liwombo ndi phala lakuda, wamumwetsa madzi a mizu. Abambo atifunditsa ambulera njira yonse, iwo khosi lapsa."

Ndinamva a Zakeyu akutsokomola.

Mzunguyo sanasamale za sing'anga. Chala chake chinali pachithunzi chimene ndinajambula m'mphepete: mapiko awiri, lililonse lili ndi zozungulira, china m'kati mwa chinzake. Anandifunsa ngati sindinaone mtanda. Ndinati ayi, maso. Anafunsanso, mwa njira ina, kuti andisokoneze. Ndinati maso. Anatsamira kumpando, n'kulankhula nthawi yaitali, akuseka pang'ono ngati munthu wotopa.

"Bwana akuti ya adani imakhala ndi mtanda wakuda. Ya maso ndi yathu. Akuti ikhala ija inasokera Lachiwiri pofuna njanji, woyendetsa wake akukanabe kuti sanasokere. Akuti anthu mazana awiri pano, wamaso ndi mmodzi, ndipo ndi amene salankhula." Kenaka sajeni anatembenukira kwa abambo. "Aphunzitsi, mukanafera mizu? Pitani kwanu."

Anadula luzi lija, n'kuwabwezera ambulera. Koma kope langa Bwana Mafunso analiika m'chikwama chake. Anati likakhala umboni wa lipoti lake, lakuti kuno mdani sangafike ndipo kutsidya kulibe bwalo lobisika. Anati adzalibweza. Ndikudikirabe. Penapake m'nyumba yosungira mapepala a nkhondo muli nkhani ya nkhuku yathu imene inaswa anapiye asanu ndi awiri.

Nthawi zina ndimadzifunsa, ana inu: ndikanakhala kuti tsiku lija ndinachita ulesi osajambula? Kapena woyendetsa uja akanadutsa m'mwamba, maso aja osaoneka? Abambo anali osalakwa chimodzimodzi, koma akanapita. Choonadi chimafuna wina amene anachiyang'anitsitsa chisanafunike. Akulu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinaona a ndege, ndipo sindinkadziwa kuti ndikuonera moyo wa munthu.

Bwalo la mpingo linakhala sabata yotsatira. Silinatenge nthawi, umboni ndinali nditapereka kale ine, pamaso pa mudzi wonse. Abambo anadulidwa. Tinatuluka m'nyumba ya sukulu mvula yoyamba itagwa, katundu pamutu, kupita kumudzi kwa amayi. Chaka chimenecho tinadya mango owiritsa ndi zikhawo, ndipo jekete lija linagulitsidwa. Abambo anaphunzira kukhoma zidebe ndi kuwotcherera mapoto. Manja amene ankagwira choko anachita zipsera. Ankayenda m'midzi akuimba chitsulo, ana akuwatsata n'kumakuwa, "Ajeremani! Ajeremani!" Iwo ankawavulira chipewa. Patapita zaka anabwezedwa mumpingo, koma kusukulu sanabwerere. Ankati chidebe sichiyankha mwano.

Sindikunamizani kuti zinali zokoma. Ine sukulu ndinaimitsa zaka ziwiri. Ndipo zimene Bwana Mafunso analemba zinali zoona, mdani sanagwe kumwamba mpaka nkhondo inatha. Chimene chinatigwera chinachokera pansi pomwepa, kwa anthu odya nawo mbale imodzi. Chingwe chake sichikanayeza zimenezo.

Tsono, Takondwa, ukamva za kusukulu, uzifunsa ngati sajeni Matola: waona ndani, anaima pati? Ine pawindo pano ndimaona makina aatali onyamula zitsulo aja ali chiimire ku Downtown, sabata yachitatu tsopano. Zimenezo ndaona. Ndaonanso kuti mayi anu akupitabe kuchipatala m'mawa uliwonse ndi yunifomu yawo, ndi kuti mmwenye wa sitolo yapansi pano ku Mankhool akutsegulabe. Ngati chingwe chija cha pamapu chidzafike pakhomo pano, sindikudziwa. Bambo ako akuti inshallah, Mulungu akalola, sichifika. Mwina chifika. Chikafika tidzanyamula katundu pamutu, ndinachitapo, ndipo inu mudzaphunzira kuti ku Ntcheu kumazizira popanda makina. Koma bambo ako akadzabwera ndi nkhani yoipa, musadzawayang'ane ngati munthu wakufa. Ntchito ndi imene imatha.

Ndatsala ndi chimodzi. Tsiku lija pochoka pabwalo, ndinkayenda kumbuyo kwa abambo, patali, ndikudikira mkwiyo wawo. Ndinali nditawanyozera pagulu, ndi kuwavula ntchito ndi kope limene anandipatsa okha. Sanatembenuke mpaka tinafika pamtengo wa mkuyu. Pamenepo anaima. Ine ndinaimanso.

"Eneresi."

"Wawa."

"Injini zinalidi ziwiri?"

"Ziwiri, abambo."

"Ine sindinaone. Ndinkayang'ana mwana."

Anamasula kapepala ka nambala kaja, n'kukaika m'thumba. Kenaka anatambasula ambulera, anthu onse akuona, n'kundikodola kuti ndibwere. Tinayenda choncho mpaka kunyumba, ine mumthunzi, iwo padzuwa.

Imene mwandiseka nayo dzulo si yomweyo, ija inatha kale, nthiti zake tinapangira mbedza. Koma mawa basi yanu ikamafika mudzandipeza pansi pamsewu ndi yanga yakudayi. Yankho, seka mmene ungathere. Takondwa, iwe ubwere kuno, malo alipo.